Nati ya Zilembo za Lilian

"Aphunzitsi a Yoram ali ndi ngongole yanga," anatero mayi Bernadetta, akumwaza mapepala a mayeso pamkeka. "Ndipo ngongoleyi yakalamba, yayamba kumera imvi."

Amuna awo, bambo Saulos, anali chogwada pabwalo akupopa njinga yawo ya kabaza. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Munawakongoza chiyani aphunzitsiwo? Mpunga?"

"Ukanakhala mpunga ndikanakaulanda kalekale. Anandilonjeza zilembo, bambo ake Lilian. Zilembo zikuluzikulu zoti mwanayu aziona. Taonani izi!"

Lilian anali mwana wawo wamkazi, wa Sitandade 7. Anabadwa ndi khungu la chialubino, ndipo monga zimakhalira ndi ana ambiri otere, maso ake anali ofooka. Powerenga ankachita kugunditsa pepala pamphuno. Koma mutu wake sunali wofooka ayi. Nkhani ya pawailesi akaimva kamodzi ankaibwereza yonse, ndi mayina omwe. Chaka chatha anabwereza kalasi, osati chifukwa cha umbuli, koma chifukwa nthawi ya mayeso inkatha iye akulimbanabe ndi funso lachitatu. N'chifukwa chake chaka chitangoyamba mayi Bernadetta anapita kusukulu, ndipo aphunzitsi a kalasi yake, a Yoram, analonjeza kuti mayeso onse a Lilian azilembedwa ndi zilembo zazikulu.

Tsopano inali teremu yomaliza, nyengo yozizira, ndipo mayeso a pakati pa teremu anali atabwera. Mayi Bernadetta sukulu analekezera Sitandade 3. Mafunso a pamapepalawo sakanatha kuwayankha, koma chachikulu ndi chaching'ono ankachidziwa bwino, poti ntchito yawo inali yoyeza mpunga pamsika wa Ntaja. Pepala limodzi, la Chichewa, linali ndi zilembo zonenepa bwino, ndipo pamwamba pake aphunzitsi anachongapo mosangalala. Ena onsewo zilembo zake zinali ngati misere yotsalira pansi pa thumba, ndipo theka la mafunso Lilian sanawafike.

"Lonjezo la maphunziro onse, akwaniritsa limodzi," anatero mayiwo. "Ine nditagulitsa mbale imodzi n'kulandira za mbale zisanu, msika wonse ungandikuwize."

Lilian anali atakhala pakhonde, chipewa chake chachikulu chili pamutu. Analankhula motsitsa.

"Amayi, musavutike. Ndikalepheranso mayeso omaliza, ine sukulu ndasiya. Sindingakhale m'kalasi limodzi ndi ana amene ndinkawabereka kumbuyo."

Sanalire ayi. Ndipo zimenezo ndiye zinawaopsa mayi ake, chifukwa mwanayu akanena chinthu osalira, ndiye kuti wachimanga kale mumtima.

M'mawa mwake mayi Bernadetta anasiyira mnzawo malo awo a pamsika, n'kulunjika kusukulu. Anapeza a Yoram mu ofesi ya ahedi, a Maziko, akuonkhetsa malikisi.

"Mwadzuka bwanji amake Lilian? Takulandirani."

"Ndadzuka, kaya inu. Ndabwera kudzatenga zanga."

Anayala mapepala aja patebulo, lalikulu zilembo uku, enawo uko. A Yoram atangowaona anagwira pachipumi.

"Mayi, pepani. Lachichewali ndinalemba ndine, ndipo ndinakumbukira. Enawa analemba anzanga. Ndinawauza, ndinawakumbutsanso, Mulungu mboni."

"Ndiye anzanuwo amadana naye mwana wanga?"

"Iyayi, mayi, palibe amene amadana naye. Vuto ndi ili."

Anatsegula kabati n'kutulutsa laputopu yakuda, yothetheka pakona. Anafotokoza kuti sukulu yonse inali ndi imodzi yomweyo. Nthawi ya mayeso aphunzitsi ankachita kulandizana, aliyense kulemba phunziro lake mothamanga batire isanathe, poti kotchajitsa kunali kwa ometa kumsika. Akamaliza ankaika mayesowo mu fulashi n'kukapulintitsa pashopu.

"Ndiye munthu ukatsegula tsamba latsopano, zilembo zimayamba zazing'ono. Uyenera kukumbuka wekha kuzikulitsa. Ukatseka n'kutsegula lina, zabwereranso."

"Zabwerera? Akuzibweza ndani?"

"Zimabwerera zokha."

Mayi Bernadetta anabwera ndi mkwiyo, koma apa mkwiyo uja unayamba kusanduka chidwi. Anakoka mpando osauzidwa.

"Tandionetsani."

A Yoram anayatsa laputopu ija, natsegula pulogalamu yolembera ija ya Word. Analemba dzina la Lilian. Linatuluka laling'ono. Anadina pamwamba, dzinalo linafufuma.

"Ehe, choncho!" anatero mayiwo.

Kenaka anatseka tsambalo, natsegula lina, n'kulembanso dzina lomwe lija. Linatuluka laling'ono ngati poyamba.

"A-a!" Mayi Bernadetta anasuzumira kuseri kwa laputopuyo. "Tachitaninso."

Anachitanso. Zomwezo.

"Tachitaninso pang'onopang'ono, ndikufuna ndione pamene chikuthawira."

"Mayi, batire ikutha."

"Ithe, ometa sanasamuke. Ndiye mukuti palibe amene akuzibweza. Koma alipo amene anasankha kuti zizidzuka zazing'ono choncho. Zilembo sizingasankhe zokha msinkhu."

"Anazikonza choncho amene anapanga pulogalamuyi."

"Amenewo amamudziwa Lilian?"

Ahedi a Maziko, amene nthawi yonseyi ankanamizira kuwerenga kalata, anaseka pakhosi.

Mayi Bernadetta anayang'anitsitsa laputopu ija. Anakumbukira chishalo cha njinga ya amuna awo. Chaka china chishalocho chinkatsika chokha. M'mawa uliwonse bamboyo ankachikoka, n'kuchimenya ndi chikhatho, koma akangonyamula munthu mmodzi chatsikanso, mawondo n'kumagunda chiwongolero. Anadandaula mwezi wathunthu, mpaka mayiwo anakabwereka sipanala n'kuwaponyera pamapazi.

"Aphunzitsi," anatero, "inu mukungokoka chishalo m'mawa uliwonse. Nati yake ili pati?"

"Nati?"

"Yomangira. Kuti chikakwera chikhale pomwepo."

"Kompyuta ilibe nati, mayi."

"Munafufuza?"

A Yoram anayang'ana ahedi. Anavomera mosabisa kuti kompyuta anaiphunzira mongoonera anzawo, ndipo sanaganizepo zoti poyambira pake pangasinthidwe. Ahedi anavula magalasi.

"Lachinayi kukubwera mayi Rashida, aphunzitsi oona za ana amene ali ndi mavuto a maso ndi makutu. Amayendera sukulu zonse za dera lino, ndipo mayeso a ana oterowo amalemba okha pakompyuta. Ngati nati ilipo, iwowo aidziwa."

"Lachinayi mpunga umayenda," anatero mayi Bernadetta. "Koma ndibwera. Akapanda kubwera iwowo, ine ndikhala mu ofesi muno mpaka mayeso, nkhomaliro muzindipatsa ndinu."

Masiku amenewo nkhaniyi sinawachoke m'mutu. Pamsika ankafunsa aliyense wooneka wapatawuni ngati kompyuta ili ndi pomangira. Wina anati ayi, wina anati mwina, wina anangofunsa mtengo wa mpunga.

Lachinayi m'mawa, mayiwo ndi Lilian ali kale pakhomo pa ofesi, kunatulukira njinga ya kabaza itanyamula mayi wamfupi wofunda mpango wobiriwira kumutu, chikwama chili pamiyendo. Wopalasayo sanali wina koma bambo Saulos.

"Ndinawapeza pasiteji akufunsa njira ya kuno," anatero bamboyo akupukuta thukuta. "Ndinati mayi kwerani msanga, kumeneko kuli munthu amene akapanda kukuonani, ine kunyumba sindidya."

Mayi Rashida anaseka, napereka moni kwa onse. Asanakhudze laputopu anakhala pansi moyang'anizana ndi Lilian.

"Ndisanakonze makina, ndiyambe ndamva mwini maso. Lilian, ukamawerenga chimakuvuta n'chiyani?"

"Zilembo zimavina, madamu. Ndipo ndikamaliza mzere, wotsatira umandisowa."

Mayi Rashida anatulutsa kakhadi kolimba m'chikwama. Panali chiganizo chimodzi cholembedwa kangapo, pamwamba ting'onoting'ono, kumatsika chikukulirakulira, ndipo mzere uliwonse unali ndi nambala yake pambali. Anafotokoza kuti pakompyuta kukula kwa zilembo kumayezedwa ndi nambala. Mayeso a sukuluyo ankatuluka pa 11.

"Ikani yaikulu kwambiriyo," anatero mayi Bernadetta akuloza pansi penipeni. "Zikhale ngati za pachikwangwani cha golosale."

"Tadikirani mayi, si pamsika pano poti wochenjera ndi amene watenga zambiri. Lilian, werenga kuyambira pamwamba. Usathamange."

Lilian anayesa. Mizere yoyambirira ankaigunditsa pamphuno. Atafika pa 18 khadi lija linachoka pamphuno, mapewa ake anatsika, ndipo anawerenga chiganizo chonse mosadodoma.

"Pitiriza mpaka pansi," anatero mayi ake.

Anayesa wapansi uja, n'kuseka. "Izi zakulitsa, amayi. Mawu amodzi ndikuchita kuyendetsa mutu ngati ndikuonerera basi ikudutsa. Ndikafika kumapeto ndaiwala koyambirira."

"Ho! Kani zikhoza kukulitsanso?" Mayi Bernadetta anatenga khadilo n'kulitembenuza uku ndi uku. Izi sankazidziwa.

Mayi Rashida anaonetsanso kuti zilembo zili ndi mitundu. Zina zili ndi timichira tokongoletsa, zina n'zosalala. Lilian anasankha zosalala, zimene dzina lake anati ndi Arial. Anasankhanso kuti mizere italikirane pang'ono kuti isamamusowe.

"Tsopano natiyo," anatero mayi Bernadetta. "Ilipo kapena palibe?"

Mayi Bernadetta atawafotokozera za chishalo, mayi Rashida anaomba m'manja. "Ilipo, mayi, ndipo mwaitchula dzina labwino kuposa la eni ake. Aphunzitsi a Yoram, khalani apa. Mudine ndinu, kuti mawa ine kulibe manja anu akumbukire."

A Yoram anakhala, onse atawazungulira. Bambo Saulos nawo anasuzumira pawindo.

"Tsegulani tsamba latsopano. Mukuona pamwambapo pamene mumasinthira zilembo masiku onse? Pakona yake yakumunsi pali kamuvi kakang'ono. Dinani kameneko."

"Aka? Ine ndimayesa n'kokongoletsa."

"Ambiri amayesa choncho. Dinani."

Panatseguka bokosi. Mayi Rashida anawauza kuti asankhe Arial, kenaka 18.

"Musadine OK. Mukadina OK pompo mwangokoka chishalo. Yang'anani pansi kumanzere. Pali batani lolembedwa kuti Set As Default. Tanthauzo lake n'lakuti, izi ndasankhazi zikhale poyambira. Natiyo ndi imeneyo."

A Yoram anadina. Panatuluka kabokosi kena kokhala ndi mizere iwiri ya Chingerezi.

"Chikuti chiyani?" anafunsa mayi Bernadetta, mutu wawo utatsekereza aliyense.

"Chikufunsa kuti, zimenezi zikhale za pepala lino lokha, kapena za mapepala onse atsopano amene mudzatsegule? Mukasiya pa mzere woyambawo, mwamanga nati ya pepala limodzi basi. Wachiwiriwo ndiye wa onse."

"Onse!" anatero mayiwo. "Dinani onse!"

"Taimani kaye!" Ahedi a Maziko anaimirira. "Onse? Ndiye kuti mayeso a sukulu yonse azituluka ndi zilembo zimenezi? Mayi, kalasi ya Lilian yokha ili ndi ana oposa zana. Pepala la masamba awiri lisanduka la masamba anayi. Mapepala amenewo tiwatenga kuti? Makolo omwewa adzandidya wamoyo."

Mayi Rashida anafotokoza kuti sizikutanthauza kuti ana onse azilandira zilembo zazikulu. Mphunzitsi akamaliza kulemba, asunge pepala la Lilian momwe lililimo. Kenaka asankhe mawu onse, awachepetse, n'kusunga lina la ana enawo. Kuchepetsa koteroko sikumasula nati, tsamba latsopano lidzayambabe ndi zazikulu.

"Ndiye bwanji osasiya momwe zililimu, n'kumakulitsa la mwana mmodziyo?" anatero ahedi. "Ntchito ndi yomweyo. Ndimata chikumbutso pakhoma, china pa laputopu penipenipo."

Apa mayi Bernadetta anamanganso chitenje chawo. Kunenerera ndiye kunali kwawo.

"Ahedi, a Yoram anawakumbutsa anzawo kangati?"

"Kambirimbiri," anayankha a Yoram.

"Anakumbukira angati?"

Mayiwo sanadikire yankho.

"Sindikuwanena aphunzitsiwo ayi. Munthu wothamangitsana ndi batire amaiwala, inenso ndimaiwala mchere. Ndiye tinene kuti kuiwala kulipo ndipo sikuchoka. Funso langa ndi ili. Mphunzitsi akaiwala kukulitsa, amazindikira ndani?"

"Lilian," anatero a Yoram.

"Liti?"

"Atakhala kale pamayeso."

"Nthawi imeneyo mungachitepo chiyani? Palibe. Tsopano tembenuzani. Mphunzitsi akaiwala kuchepetsa, adzazindikira ndani?"

Ahedi anakanda kumutu. "Ine. Wapashopu uja sapulinta asanandiimbire kundiuza kuchuluka kwa masamba."

"Ndipo mudzakuwa tsiku lomwelo, mayeso asanalembedwe, n'kuzikonza. Inu pakamwa muli napo, ofesi muli nayo, foni muli nayo. Mwanayu m'chipinda cha mayeso saloledwa n'kutsokomola komwe. Ngati kuiwala kuyenera kugwera munthu, kugwere inu."

Pawindo paja bambo Saulos anati, "Ahedi, ingovomerani. Ine zaka zonsezi sindinapambanepo."

Ahedi anaseka mpaka kuvula magalasi. Koma nawonso sanali munthu wopereka chinthu chaulere.

"Chabwino. Koma inunso mayi muli ndi ngongole yathu. Mayi Rashida anatumiza uthenga teremu yatha kuti mwanayu apite kuchipatala ku Liwonde akamuyeze maso. Munapita?"

Mayi Bernadetta anayang'ana kudenga. "Inali nthawi yokolola."

"Nanga itatha?"

"Inali nthawi yogulitsa."

"Zilembo zazikulu zimathandiza, mayi," anatero mayi Rashida mofatsa, "koma si mankhwala. Akamuyeza mwina adzam'patsa magalasi, ndipo adzamuonanso khungu. M'kalasi azikhala kutsogolo, koma osati pamene dzuwa la pawindo limam'thobwa. Zonsezi zimayendera limodzi."

"Ndipita mayeso akatha."

"Sabata yamawa," anatero ahedi.

"Sabata yamawa, koma osati Lachinayi. Ndipo dinani kaye ine ndikuona."

A Yoram anasankha mzere wachiwiri uja, nadina OK. Mayi Rashida anawatsogoleranso ku kamuvi kena kapafupi, ka pamene pamasinthidwira kutalikirana kwa mizere. Anasankha kuti mizere italikirane mzere umodzi ndi theka, napezanso batani lomwe lija la Set As Default pansi, n'kusankhanso mapepala onse. Anawauza kuti ngakhale malire a m'mbali mwa tsamba ali ndi batani lotero, ngati atafuna kuwachepetsa kuti mawu azikwana ambiri patsamba limodzi. Ahedi atamva zopulumutsa mapepala anasendera pafupi, n'kuuza a Yoram kuti amangenso nati imeneyo.

"Basi, zatheka," anatero mayi Rashida.

"Zatheka mwa pakamwa," anatero mayi Bernadetta. "Tsekani."

Anatseka tsambalo, natsegula lina. A Yoram analemba dzina la Lilian. Linatuluka lalikulu, losalala.

"Zimitsani yonse. Igone, iiwale."

Anaizimitsa. Anadikira. Anaiyatsanso, batire ikuphethira ndi kufiira. Mayiwo anakaniza a Yoram kuigwira, poti mwina yawazolowera. Anatuma mwana kukaitana aphunzitsi a masamu, amene sankadziwa chilichonse cha nkhaniyi, n'kuwauza kuti alembe funso lililonse monga amachitira masiku onse. Aphunzitsiwo analemba, kenaka anabwerera m'mbuyo.

"Kodi laputopuyi yatani? Zilembo zatupa."

"Sizinatupe," anatero mayi Bernadetta. "Zamangidwa. Lilian, tawerenga."

Lilian anawerenga funsolo ali chiimire kumbuyo kwa mpando, n'kuperekanso yankho lake, ngakhale palibe anamufunsa.

Mayi Rashida asanakwerenso njinga anachenjeza za chinthu chimodzi. Nati ija imagwira masamba atsopano okha. Mphunzitsi akatenga mayeso a chaka chatha n'kumangosintha mafunso, zilembo zake zidzakhala zakale zomwe zija, ndipo ayenera kusankha mawu onse n'kuwakulitsa yekha. Komanso ngati sukulu idzapeze kompyuta ina, nayonso idzafunika kumangidwa payokha.

"Mwamva aphunzitsi a masamu?" anatero mayi Bernadetta. "Ndamva kuti inu mafunso anu sakalamba."

Sabata yotsatira mayiwo anapita naye Lilian ku Liwonde, akudandaula njira yonse za makasitomala amene akuwataya. Anabwerako ndi mafuta odzola oteteza khungu ku dzuwa komanso tsiku loti akatenge magalasi.

Mayeso omaliza atayandikira, zimene mayi Bernadetta ananena zija zinachitikadi. Aphunzitsi a sayansi anaiwala kuchepetsa. Wapashopu anaimbira ahedi kufunsa ngati sukulu yalemera, poti pepala limodzi linali ndi masamba ngati buku. Ahedi anakuwa, mawu awo anamveka mpaka kumjigo, ndipo dzuwa lisanapendeke zinali zitakonzedwa. Palibe pepala limene linaonongeka. Lilian analandira mapepala ake onse, phunziro lililonse, ndi zilembo zake zija za 18. Kwa nthawi yoyamba anafika pa funso lomaliza, mpaka kutsala ndi nthawi yobwereza.

Zitadziwika kuti zilembo zazikulu zimapezeka mosavuta, ana ena awiri a m'makalasi apansi anaulula kuti nawonso saona bwino. Sanali achialubino, ndipo palibe ankadziwa. Ankangotchedwa ana ochedwa kumva.

Tsiku lotsekera sukulu makolo anasonkhana pansi pa mitengo ya mango. Poitana mayina a amene akupita ku Sitandade 8, dzina la Lilian linatuluka m'gulu la khumi oyambirira. Mayi Bernadetta sanalulutire. Ananyamuka, nadutsa pakati pa anthu, n'kukaima pamaso pa a Yoram atanyamula kajumbo.

"Aphunzitsi, ngongole ija yatha. Sindikufunaninso."

Anawapatsa kajumboko. Munali mpunga mbale ziwiri, ndi basela pamwamba, chinthu chimene msika wonse wa Ntaja unali usanachionepo kwa mayi amenewa.

Ahedi anawapempha kuti anenepo mawu kwa makolo anzawo. Anati alibe nthawi, mpunga ukudikira, koma anatembenuka ndithu.

"Ine sukulu sindinapite patali, ndiye ndinena mwachidule. Mwana wanu akamagunditsa buku pamphuno, kapena akamalephera kumaliza mayeso, musafulumire kumutchula mbuli. Kamuyezetseni maso, ndipo bwerani kuno mudzanene. Mayeso a zilembo zoti aziona ndi ufulu wake, si chifundo cha aphunzitsi ayi. Ndipo inu amene mumagwira makompyuta, m'sukulu, m'maofesi, m'mashopu, momwe chinthucho chimadzukira si lamulo. Anasankha ndi munthu amene sakudziwa anthu anu. Mukaona kuti tsiku lililonse mukukonza chinthu chomwechomwecho, lekani kudalira kukumbukira. Funsani odziwa, pezani poyambira pake, musinthe pamenepo kamodzi, ndipo musinthe mokomera amene sangathe kudandaula. Mukatero zimitsani, muyatsenso, muone ngati yagwira."

Anamanga chitenje, nayang'ana Lilian amene anali atavala magalasi ake atsopano pansi pa chipewa.

"Iwe, tiye. Sitandade 8 imafuna makope ambiri, ndipo mpunga sudzigulitsa wokha."